Gaston Ramon, dokotala wa akavalo amene anasandutsa poizoni kukhala katemera wa amayi oyembekezera

Mayi woyembekezera akayamba sikelo, kaya ndi ku Mchinji, ku Chipata, ku Tete kapena ku Mutare, chimodzi mwa zinthu zimene anamwino amayang'ana pa khadi lake ndi chakuti analandirapo kangati katemera wa kafumbata. Ngati sanalandirepo, amam'baya pamkono tsiku lomwelo ndi kumuuza kuti abwerenso pakatha masabata anayi. Jakisoni ameneyu anazolowereka kwambiri moti ndi ochepa amene amafunsa kumene anachokera. Chiyambi chake chili m'makola a akavalo kufupi ndi mzinda wa Paris, m'manja mwa munthu amene sanaphunzire nkomwe udokotala wa anthu. Munthuyo ndi Gaston Ramon, dokotala wa ziweto wa ku France, yemwe anamwalira m'chaka cha 1963.

Ntchito yake singamveke popanda kuidziwa nthendayo. Kachilombo ka kafumbata kamakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo kamatha kugona m'menemo zaka zambiri osafa. Kakalowa pa bala losafikako mpweya kamadzuka ndi kuyamba kutulutsa poizoni amene amayenda m'mitsempha mpaka kufika kumsana. Chimene chimapha munthu si kachilomboko ayi, koma poizoniyo. Nsagwada zimauma, khosi ndi msana zimapindikira kumbuyo, thupi lonse limakokana mpaka wodwalayo kulephera kupuma.

Kwa khanda, khomo lolowera kachilomboka ndi mchombo. Ukadulidwa ndi lumo logwiritsidwa kale ntchito kapena mpeni wosawiritsa, kapenanso ukapakidwa phulusa, dothi kapena ndowe kuti uume msanga, mwana amene anabadwa wathanzi amayamwa bwinobwino masiku oyamba, kenaka amasiya kuyamwa, amalira mosalekeza, ndipo timanja take timafumbata monga momwe dzina la nthendayo likunenera. Kawirikawiri izi zimayamba pakati pa tsiku lachitatu ndi la 14 chibadwire. Kumene kulibe chipatala chokhala ndi makina othandizira kupuma, ana ambiri oterewa amamwalira. Mayi nayenso angatenge nthendayi pobereka pamalo osasamalika kapena pamene mimba yachoka.

Ramon anabadwa pa 30 September 1886 m'mudzi waung'ono wa Bellechaume, m'dera la Yonne, kummwera chakummawa kwa Paris. Bambo ake anali wophika buledi. Kuyambira m'chaka cha 1906 mpaka 1910 anaphunzira pa sukulu ya madokotala a ziweto ya Alfort, ndipo m'chaka cha 1911 Émile Roux, mkulu wa Institut Pasteur, anamutumiza ku nthambi ya bungwelo ya ku Garches, kunja kwa mzinda. Kumeneko kunali akavalo, ndipo akavalowo ndiwo anali fakitale ya mankhwala.

Zinafika pamenepo motere. M'chaka cha 1890, ku Berlin, Emil von Behring ndi Kitasato Shibasaburo wa ku Japan anaonetsa kuti nyama ikabayidwa poizoni wa kafumbata pang'onopang'ono, magazi ake amapanga zinthu zimene zimagwira poizoniyo ndi kumutha mphamvu. Magaziwo akatungidwa ndi kusiyidwa kuti aundane, pamwamba pamatsala madzi achikasu otchedwa seramu, ndipo madziwo akabayidwa mwa nyama ina, nayonso imatetezeka. Pofika 1894 Roux anali atayamba kugwiritsa ntchito akavalo, chifukwa ali ndi magazi ambiri, popanga seramu wochizira diphtheria, nthenda imene imatseka pakhosi ndipo inkapha ana zikwizikwi ku Ulaya chaka ndi chaka. Seramuyu anapulumutsa anthu ochuluka, koma chitetezo chake chinali chobwereka. Pakatha masabata ochepa chinkatha, ndipo matupi a anthu ena ankadana ndi madzi ochokera m'magazi a kavalo.

Kwa zaka pafupifupi khumi ntchito ya Ramon inali yomweyomweyo: kubaya akavalo, kuwatunga magazi, kutsanulira seramu m'mabotolo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, inachulukitsa ntchitoyi. Asilikali ankamenyana m'minda ya kumpoto kwa France imene alimi anakhala akuthiramo ndowe kwa mibadwomibadwo, choncho bala lililonse linali pa chiopsezo cha kafumbata, ndipo ku Garches kunkachokera mabotolo osawerengeka opita kumalo a nkhondo. M'chaka cha 1915 Roux anamupempha kuti apeze mankhwala oteteza seramu kuti asaonongeke. Ramon anasankha fomalini, mankhwala a fungo loboola m'mphuno omwe ambiri a ife timawadziwira kunyumba yachisoni kumene amakonzera mitembo. Panthawiyo inaoneka ngati nkhani yaing'ono ya kasungidwe ka mankhwala, koma anali atayamba kuzolowerana ndi chida chimene chinadzamutchukitsa.

Anakwatira Marthe Momont, wachibale wa Roux, m'chaka cha 1917, ndipo nkhondo itatha analoledwa kukhala ndi kachipinda kake kochitiramo kafukufuku. Ankagwira ntchito pafupifupi yekha, ndi zipangizo zochepa.

Chinthu choyamba chimene anatulukira chinachokera pa vuto la tsiku ndi tsiku. Kuti adziwe mphamvu ya seramu, akatswiri ankaisakaniza ndi poizoni ndi kubaya mbira, kenaka ankadikira masiku angapo kuti aone zimene zafa ndi zimene zapulumuka. Njirayi inali yochedwa, yodula, ndipo inkatha mbira zambiri. M'chaka cha 1922 Ramon anaona kuti poizoni wa diphtheria akasakanizidwa ndi seramu m'timachubu tagalasi pa milingo yosiyanasiyana, madziwo amachita matuwi ndi kupanga timibulu toyera, ndipo kachubu kamene kamayamba kutero ndi kamene milingo yake yafanana mphamvu. Kuyambira pamenepo mphamvu ya seramu inatha kuyezedwa ndi maso m'maola ochepa.

Muyezo umenewu ndiwo unatsegula khomo lalikulu chaka chotsatira. Ramon anathira fomalini pang'ono mu poizoni wa diphtheria ndi kumusunga pa malo ofunda, pafupifupi madigiri 40, kwa masabata angapo. Atabaya nazo mbira, sizinafe. Munthu wina akanati poizoniyo waonongeka ndi kumutaya. Koma Ramon atamusakaniza ndi seramu, timibulu tija tinaonekabe monga kale, kusonyeza kuti ululu wachoka koma maonekedwe amene thupi limazindikirira poizoniyo atsala. Zili ngati njoka yozulidwa mano: siluma, koma woiona amaphunzira kuidziwa. Thupi likabayidwa poizoni wozizira woteroyo limapanga lokha chitetezo chake, osati chobwereka kwa kavalo, ndipo limakumbukira zaka zambiri. Ramon anamutcha anatoxine. M'Chingerezi dzina limene linakhazikika ndi toxoid.

Kufunika kwa zimenezi kumaoneka poyerekeza ndi zomwe zinalipo. Katemera wa diphtheria wa nthawi imeneyo anali poizoni weniweni wosakanizidwa ndi seramu womuletsa, ndipo milingo ikalakwika ana ankabayidwa imfa. Zoterezi zinachitika mumzinda wa Dallas ku America m'chaka cha 1919, kumene ana anamwalira atalandira katemera wolakwika kapangidwe. Wa Ramon sankatha kubwereranso kukhala poizoni, anali wosavuta kupanga wochuluka, komanso mphamvu yake inkayezeka. Dziko la Canada linaulandira mwachangu kudzera ku Connaught Laboratories ku Toronto, ndipo m'zaka za m'ma 1930 diphtheria inatsala pang'ono kutheratu m'mizinda ya Toronto ndi Hamilton. Kwawo ku France kunachedwa. Lamulo lokakamiza katemerayu linadza m'chaka cha 1938.

Sikuti Ramon anali yekha pa njirayi, ndipo apa ndi pamene panayambira mikangano imene inamutsata moyo wake wonse. Ku Vienna, Ernst Löwenstein anali ataona kale, cha m'ma 1909, kuti fomalini amaziziritsa poizoni wa kafumbata. Ku London, Alexander Glenny ndi Barbara Hopkins anafalitsa zotsatira zofanana za diphtheria m'chaka chomwecho cha 1923. Chimene Ramon anaposa nacho anzake ndi chakuti anasandutsa zimene ena anangoona kukhala njira yodalirika, yoyezeka, yoti fakitale iliyonse ingatsatire. Iye sanakhutire ndi ulemu umenewo. Ankafuna kuti dziko livomereze kuti iye ndiye woyamba, ndipo analemba zambiri poteteza mfundoyo.

Nkhani imene alimi a chinangwa a m'chigawo chathu angasangalale nayo ndi ya m'chaka cha 1925. Ramon, yemwe maso ake sankachoka pa akavalo, anaona kuti kavalo amene watuluka chithupsa pamalo pamene anabayidwa amapanga chitetezo champhamvu kuposa anzake. Anaganiza zoyambitsa dala kutupako posakaniza katemera ndi zinthu zosaopsa. Anayesa nyenyeswa za buledi, mafuta ndi zina zotero, ndipo china chimene chinagwira bwino ntchito chinali tapioca, ufa wosalala wochokera ku chinangwa. Umu ndi momwe linabadwira ganizo lakuti katemera angawonjezeredwe mphamvu ndi chinthu china chomuthandiza. Chaka chotsatira Glenny anapeza kuti mchere wa aluminiyamu umachita zomwezo bwino koposa, ndipo ndi umene ukugwiritsidwabe ntchito.

Njira ya fomalini inagwiranso pa poizoni wa kafumbata. Mnzake wa ku Institut Pasteur, Pierre Descombey, anaiyesa pa nyama m'chaka cha 1924, ndipo m'chaka cha 1926 Ramon pamodzi ndi Christian Zoeller, dokotala wa asilikali, anayamba kubaya anthu. Awiriwa anaonetsanso kuti akatemera angapo angaikidwe m'jakisoni mmodzi popanda kufooketsana. Mwana aliyense amene lero amalandira kusikelo jakisoni mmodzi woteteza matenda asanu akupindula ndi ganizo limenelo.

Funso lokhudza amayi ndi makanda linali lakale kuposa katemerayo. M'chaka cha 1892 Paul Ehrlich wa ku Germany anachita kafukufuku wosavuta kumva. Anatenga mbewa zazikazi zimene anazipatsa chitetezo ku poizoni wa m'mbewu za zomera ndi zina zopanda chitetezo, ndipo zitaswa anasinthanitsa ana awo kuti ayamwe kwa amayi osawabereka. Anapeza kuti chitetezo sichichokera kwa bambo, koma chimachokera kwa mayi, china mwana akadali m'mimba, china kudzera mumkaka, ndipo chimatha pakapita nthawi. Chimene Ehrlich analibe ndi katemera wosaopsa woti angaperekedwe kwa munthu wapakati. Ramon anali naye. M'chaka cha 1927, iye ndi Louis Nattan-Larrier komanso Edmond Grasset anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti mayi akabayidwa anatoxine wa kafumbata, chitetezo chimene thupi lake lapanga chimapezekanso m'magazi a mwana wobadwayo. Grasset ameneyu pambuyo pake anadzagwira ntchito ku Johannesburg, ku South African Institute for Medical Research, kumene anatchuka ndi seramu wochizira olumidwa ndi njoka.

Chodabwitsa ndi chakuti akavalo, amene anaphunzitsa Ramon zinthu zambiri, sakanamuphunzitsa ichi. Mwana wa kavalo, monganso wa ng'ombe, amabadwa wopanda chitetezo cha mayi wake ndipo amachipeza chonse mumkaka woyamba wachikasu. Kwa munthu, gawo lalikulu limadutsa pa nsengwa, chiwalo chimene chimalumikiza mwana ndi chiberekero, makamaka m'miyezi itatu yomaliza ya mimba. Ndicho chifukwa chake anamwino amalimbikira kuti jakisoni wachiwiri alandiridwe kukadali masabata osachepera awiri mayi asanachire. Thupi lake limafuna nthawi yopanga chitetezocho ndi kuchiwolotsera kwa mwana, amene pa tsiku lodulidwa mchombo sangathe kudzipangira chake.

Choncho pofika 1927 zonse zofunika kuti khanda lisafe ndi kafumbata zinali zitadziwika. Koma oyamba kupindula ndi katemerayu sanali amayi. Anali akavalo ndi asilikali. Dziko la France linalamula kuti asilikali ake azibayidwa m'chaka cha 1936, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse gulu lankhondo la America, limene linabaya asilikali ake onse, linangopeza odwala kafumbata 12 pakati pa ovulala oposa mamiliyoni awiri. Umboni unali pambalambanda. Komabe panadutsa zaka zoposa 30 wina asanatenge katemerayu kupita naye kwa amayi a kumidzi kumene nthendayi inkasesa ana. Chifukwa chake si chovuta kuchiona. Msilikali ali ndi nambala ndipo imfa yake imalembedwa m'buku. Khanda lomwalira lisanatuluke m'chikuta, lisanapatsidwe ndi dzina lomwe, linkaikidwa mwakachetechete ndi amayi okhaokha, ndipo maboma a atsamunda amene ankalamulira maiko ambiri otere sankaliwerenga.

Moyo wa Ramon m'zaka zimenezo unali wa maudindo ndi mikangano. Anatsogolera nthambi ya Garches kuyambira 1926, anakhala wachiwiri kwa mkulu wa Institut Pasteur mu 1934, ndipo mu 1940 anasankhidwa kukhala mkulu wa bungwe lonselo. Sanakhalitse. Anafuna kusintha kayendetsedwe ka chuma ndi ntchito, sanamvane ndi akuluakulu oyang'anira bungwelo, ndipo anatula pansi udindo chaka chisanathe. Nkhondo itatha anachokeratu. Kuyambira 1949 mpaka 1959 anatsogolera Office International des Épizooties, bungwe loona za matenda a ziweto pa dziko lonse, limene lero likutchedwa WOAH ndipo maiko a m'chigawo chino amalidziwitsa kukabuka matenda monga a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe.

Dzina lake linaperekedwa ka 155 kuti alandire mphoto ya Nobel, koma sanailandire. Palibe wasayansi wina amene anatchulidwa kambiri chotero ndi kubwerako chimanjamanja. Oweruza ankaona kuti ntchito yake inali kukonza ndi kupititsa patsogolo zimene ena anayamba, osati kutulukira chinthu chatsopano kotheratu. Pa malamulo a mphotoyo mwina anali ndi mfundo. Pa kuchuluka kwa anthu amene ali moyo chifukwa cha ntchitoyo, ambiri mwa amene anailandira sangafanane naye. Kwawo anamupatsa mendulo ya golide ya bungwe la kafukufuku la CNRS m'chaka cha 1958.

Ramon anali akadali moyo pamene umboni wa kumudzi unatuluka. M'chaka cha 1961, Frank Schofield ndi anzake anafalitsa zimene anapeza m'dera la Sepik ku New Guinea. Pa ana 100 alionse obadwa kwa amayi osabayidwa, 10 ankadwala kafumbata. Kwa amayi amene analandira majakisoni atatu ali oyembekezera, chiwerengerocho sichinafike ndi mwana mmodzi yemwe pa 100. Ramon anamwalira pa 8 June 1963 ali ndi zaka 76, ndipo anaikidwa kumudzi kwawo ku Bellechaume. Patatha zaka zitatu, kafukufuku wina wa ku Colombia wotsogoleredwa ndi Kenneth Newell anatsimikiza kuti majakisoni awiri kapena atatu amateteza ana obadwa ngakhale patapita zaka mayi atabayidwa.

Ngakhale pamenepo zinthu zinayenda pang'onopang'ono. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linakhazikitsa ndondomeko yofalitsa katemera m'chaka cha 1974, koma kukula kwenikweni kwa vutoli kunadziwika pamene ofufuza anayamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa amayi za ana amene anataya. Bungweli linayerekeza kuti m'chaka cha 1988 chokha makanda 787,000 anamwalira ndi kafumbata. Chaka chotsatira msonkhano waukulu wa nduna za zaumoyo unagwirizana zothana ndi nthendayi, ndipo muyezo unali wakuti m'boma lililonse la m'dziko odwala asafike mwana mmodzi pa ana 1,000 obadwa amoyo. Pofika 2018 imfazo zinali zitatsika kufika pafupifupi 25,000 pa chaka.

Maiko a kummwera kwa Africa anali m'gulu la oyambirira kufika pa muyezowu. Zimbabwe inatsimikiziridwa m'chaka cha 2000, Namibia mu 2001, Malawi ndi South Africa mu 2002, Zambia mu 2007 ndipo Mozambique mu 2010. Democratic Republic of Congo, kumene nkhondo inasokoneza zipatala kwa nthawi yaitali, inatsatira mu 2019. Katemera sanachite izi yekha. Kuchilira kuchipatala, kudula mchombo ndi lumo latsopano komanso kusiya kupaka zinthu pamchombo zinathandiza kwambiri. Koma kafumbata sali ngati nthomba imene inatheratu pa dziko. Kachilombo kake kali m'dothi la pakhomo ndi m'khola, sikadalira munthu kuti kakhale ndi moyo, ndipo katemera wa mnansi sateteza mnzake. Mayi aliyense amayenera kulandira wake, ndipo akakwanitsa majakisoni asanu motsatira nthawi yake amakhala wotetezeka m'zaka zake zonse zobereka.

Njira imene inayesedwa ndi kafumbata yatsegulira matenda ena. Maiko ambiri tsopano amabaya amayi oyembekezera katemera wa chimfine cha fuluwenza ndi wa chifuwa chokoka mtima, ndipo m'chaka cha 2023 anavomereza katemera woteteza makanda ku kachilombo ka RSV kamene kamayambitsa chibayo. Katemera wa kafumbata nayenso anasintha pang'ono. Potsatira uphungu wa WHO, maiko anasiya wakale uja wodziwika ndi zilembo za TT ndi kuyamba kupereka wa Td, amene amateteza kafumbata ndi diphtheria pamodzi. Mbali zonse ziwirizo zimapangidwabe ndi poizoni woziziritsidwa ndi fomalini monga anachitira Ramon ku Garches, ndipo zimasakanizidwa ndi mchere wa aluminiyamu wa Glenny, munthu amene Ramon anakangana naye pa nkhani ya yemwe anali woyamba.